Ufa Munatitumizira Uja

Sparkhill, Birmingham
Okutobala 1992

Okondedwa Amayi,

Landirani moni kuchokera kwa ine mwana wanu Rabecca. Kodi muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo uja ukumatupabe mukayenda mtunda? Mafunso amenewa ndimafunsa m'kalata iliyonse, inu n'kumayankha kuti muli bwinobwino, ine n'kumakhulupirira. Lero ndikufunsa mtima uli m'mwamba, ndipo mumva chifukwa chake. Kuno tilipo tonse, ine, akamwini anu a Patson, ndi mdzukulu wanu Zoe.

Iwe Enifa mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera Amayi kalatayi. Uwerenge yonse mpaka kumapeto. Khalidwe lako lija lodumpha mizere ukaona kuti mawu akuwawa ndimalidziwa bwino, lero usayerekeze dala.

Kuno kuzizira kwayambanso. Dzuwa likumalowa msanga, ndipo ndikaweruka kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndimadikira basi pa Stratford Road zala zili gwa ngati zikuni. Chotenthetsera m'nyumba chinawonongeka, mwini nyumba amangoti mawa, mawa. Zoe anadwalako chifuwa koma wachira. Mano akutsogolo aguluka, akaseka amafanana ndi malemu Abambo. Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi m'Chingerezi basi, ndatopa nako kumukalipira. Bambo ake ali kalikiliki ndi maphunziro, akuti chaka chamawa amaliza Mulungu akalola.

Izi ndangonena kuti mudziwe. Chimene chandigwiritsa cholembera lero ndi china.

Mukuwakumbukira a Albert, mzungu wamtali uja wa kutchalitchi kwathu, amene anafika kwanu ku Phalula mwezi wa Julaye? Ndi aja ndinawapatsira juzi yobiriwira ndi mankhwala opaka mwendo. Pobwerera munawapatsira kathumba ka ufa woyera, wosinja nokha, kuti adzatipatse. Ndikufuna mudziwe zimene ufa umenewo unachita mumtima mwanga.

Za chilala tinkazimva kuno pa wailesi. Ndinakulemberani kukufunsani, osati kamodzi. Inu munayankha kuti kumtunda kokha ndi kumene chimanga chinapsa, koma kudimba munapatako ndithu, nkhokwe ili ndi kanthu, ndisamadandaule. Ndinkakayikabe. Koma a Albert atanditulira kathumba kaja, n'kumasula, n'kununkhiza, mtima unangoti myaa. Ndinadzifunsa kuti kodi munthu amene ali pa njala angatumize ufa ku Ulaya? Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino, koyamba chiyambire chaka chino.

Ndiye ndinachita phwando, Amayi. Inde, phwando. Ufa wa m'masitolo a amwenye kuno ndi wamisere, nsima yake siigwirana, choncho ufa wakumudzi ukafika munthu sudya wekha. Ndinaitana a Suzgo kuchokera ku Hillfields, mai Success anakwera sitima kuchokera ku Wolverhampton ndi ana awo, ena a kutchalitchi anangomva mphekesera n'kubwera okha. Anadya anthu mpaka kumasula malamba. Ine pakati pawo ndili yakaliyakali, kudzitama kuti amayi anga ndi mlimi woti ngakhale chilala chimawaopa. Ana analuma pang'ono n'kusiya m'mbale. Mkute wake m'mawa ndinautaya m'bini ndi manja angawa.

Tsopano imvani za Loweruka lathali.

A Albert anapuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo masiku ano amathandiza kuonetsa alendo malo ena akale pakati pa mzinda. Anatiitana kuti tikaone nkhokwe, anati atikonzera chinthu chimene chitikondweretse kwambiri. Ine ndinaseka. Nkhokwe mu Birmingham muno, pomwe chifikire sindinaonepo munthu atanyamula khasu? Koma tinapita, poti mkuluyo ndi wamtima wabwino ndipo anatikakamira.

Abale inu, sindinaonepo! Nkhokwe yake ndi chinyumba cha njerwa zofiira, chachitali kuposa tchalitchi chilichonse chimene munalowamo, chaima m'mphepete mwa ngalande yamadzi akuda. A Albert anatifotokozera kuti chinamangidwa nthawi ya atsamunda, Angerezi akulamulira ife ndi maiko ena ambirimbiri. Akuti tirigu ankabwera pa zombo kuchokera kutali, ena kuchokera kumaiko ankawalamulirawo, kenaka n'kumuika m'timabwato tokokedwa ndi akavalo mpaka kufika pakhomo pomwepo. Maunyolo okwezera matumba akadali lende kumwamba. Ndinayang'ana chinyumbacho kukamwa kuli yasa, n'kumaganiza kuti chitadzaza chimanga, Phalula yense angadye mpaka ana athu kudzakwatiwa.

Koma mkatimo mulibe kanthu, Amayi. Olo kambewu kamodzi. Anasesamo, anapakamo penti, anaikamo magetsi. Pansi pake akugulitsa tiyi ndi makeke, anthu akhala pamipando miyendo ili pamwamba pa inzake, akuseka. Pakhomo pali mzere wa anthu, ena ochokera kumaiko akutali ndi makamera m'khosi, akulipira kuti alowe akaone nkhokwe yopanda chakudya. Tinapezanso mkwati ndi mkwatibwi akujambulitsa pakhomo pake, velo ili pululu ndi mphepo. Ukwati kuuyambira pa nkhokwe youma! Zoe anakuwa dzina lake mkatimo, mawu n'kubwerera kuchokera kudenga, iye n'kumasangalala.

Ndinawanong'oneza a Patson kuti anthu awa ndi odabwitsa, kwathu nkhokwe ikatha munthu amabisa, kuno amaitanira alendo. Ndinawakumbutsanso za tsiku lija munandikwapula ndi kamtengo ka pichesi ndili mwana, chifukwa ndinakwera pamwala n'kusuzumira m'nkhokwe ya azakhali. Munandiuza kuti za m'nkhokwe ya munthu amadziwa ndi mwini wake yekha, ndipo mwana wosuzumira amachititsa manyazi mtundu wonse. Tinaseka ndi a Patson pokwera masitepe. Sindinkadziwa kuti ndikukwera kukasuzumira m'nkhokwe yanu.

Pamwamba penipeni pali chipinda chachikulu, ndipo pakhoma apachika zithunzi za nkhokwe za maiko osiyanasiyana. Zina n'zadothi, zina zamiyala, zina zili ngati mitsuko ikuluikulu. A Albert anandiuza kuti nditsinzine, anandigwira mkono n'kundiyendetsa pang'ono. Nditatsegula maso ndinakuonani inu.

Chithunzi chachikulu ngati chitseko. Mwaima pambali pa nkhokwe yanu, mwavala juzi yobiriwira ija, manja mwagwirizira kutsogolo, mukumwetulira osaonetsa mano monga mumachitira pa kamera. Zoe anakuwa kuti agogo, agogo, n'kuthamangira kukakugwirani. Ine misozi inalengeza, ya chimwemwe. Ndinaona kuti nkhope yatsikako, koma ndinati ndi ukalamba. Ndinawathokoza a Albert mobwerezabwereza, iwo akumwetulira kuti chinsinsi chawo chatheka.

Ndinazindikira mochedwa kuti a Patson sakusangalala nafe. Maso awo anali pachithunzi, kenaka anandigwira pachigongono mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa. Anandiuza motsitsa mawu kuti ndisayang'ane inu, ndiyang'ane nkhokweyo.

Mukuikumbukira nkhokwe imeneyo, Amayi. Ndi ija analuka a Patson chaka tinkanyamuka, pofuna kuonetsa kuti ngakhale ndi munthu wa mabuku, ntchito ya mkamwini amaitha. Munawaseka mudzi wonse ukumva, kuti nsungwi zawo zatalikirana moti nkhuku ikhoza kulowa osawerama. Munakana kuimata, munati isiyeni choncho anthu aziona luso la ophunzira. Chaka chimenecho titathiramo chimanga, makoko ankatuluka m'mipata monse, mbuzi n'kumadzasolola.

Pachithunzipo mulibe khoko ngakhale limodzi. Dzuwa likudutsa m'mipata ija kuyambira pamwamba mpaka pansi penipeni. Kudzera m'nkhokwemo ndinaona thunthu la mtengo wa mango uli kuseri kwake. Ndinaonanso chitenje chofiira cha Enifa chili pachingwe. Mwezi wa Julaye, Amayi! Nthawi imene nkhokwe imakhala yodzaza mpaka pakamwa, denga likuchita kukana kukhala.

Apo ndiye maso anga anatseguka. Ndinabwerera kwa inu n'kuona zimene ndinazilumpha poyamba. Juzi ija ndinagula yoti ikuthineni pang'ono, monga mumakondera, koma pachithunzipo yangolendewera ngati yapachikidwa pamsomali. Mikono yanu, mayo ine, mikono imene inkanyamula mtolo wa nkhuni wolephera amuna.

Ndinakhala pansi pomwepo, pa matabwa, n'kuyamba kulira ngati pamaliro. Sindinathe kudzigwira. Ndipo chinyumba chija, poti n'chopanda kanthu, chinatenga kulira kwanga n'kukufikitsa mpaka pansi pa anthu a tiyi aja. Anthu onse m'chipindamo anatembenuka kundiyang'ana. Mayi wina wachizungu anandibweretsera madzi m'kapu n'kumandisisita paphewa, akuti akumvetsa, kusowa kwanu n'kowawa. Onsewo ankayang'ana chithunzi chomwecho, koma ankangoona gogo wokongola ali pambali pa dengu lalikulu. Zoe anayamba kulira nayenso osadziwa chimene akulirira.

A Albert anasokonezeka, anafunsa ngati alakwitsa kanthu. A Patson ndiwo anawafotokozera, akuloza mipata ija ndi chala. Mkulu uja nkhope inafiira, kenaka inayera ngati pepala. Anakhala pansi pambali panga, munthu wamkulu ngati ameneyo, n'kuyamba kundiuza zonse za tsiku anafika kwanu. Zimene ankaziona ngati ulemu chabe, tsopano zinayamba kumveka mwina.

Akuti chakudya chinachedwa kwambiri. Akuti anaona Enifa akutuluka ndi kadengu kovindikira nsalu kulowera kunyumba zakumunsi, n'kubwerako patapita nthawi akuyenda mozemba kuseri kwa nyumba. Akuti munawaphera nkhuku, ndipo pabwalo sanaonepo nkhuku ina. Anadyera m'nyumba ndi dalaivala wawo, monga alendo, inu mutakhala panja pamkeka. Atakuitanani kuti mudye nawo munati mwadya kale. Ana a Enifa akuti anakhala patali pansi pa mtengo, osasewera, maso ali kukhomo. Iwo ankati ndi ana aulemu.

Anakufunsaninso, kudzera mwa dalaivala uja, ngati munakolola bwino. Akuti munaseka n'kunena kuti Mulungu alipo.

Ndipo ufa uja, akuti galimoto italira kale ndi pamene munatuluka nawo m'nyumba mukutsimphina. Iwo anakana, anati katundu wachuluka. Inu munakwiya, munati mlendo wochokera kwa mwana wanu sangabwerere chimanjamanja, nanga Rabecca akaganiza chiyani. Anaulandira poopa kukukhumudwitsani.

Rabecca anaganizadi zimene munkafuna kuti aganize. Munandidziwa bwino, Amayi, munadziwa kuti kalata ndikhoza kuikayikira koma ufa sindingaukayikire.

Ndakwiya nanu. Ndikunena poyera, ndipo mundikhululukire poti sindinayambe ndakuyankhulanipo chonchi. Ndakwiya, ndipo ndikuchita mantha. Ufa umenewo unali wotsiriza, kapena munachita kubwereka? Ngati munabwereka, munabweza chiyani? Ngati nkhokwe inali mbee mu Julaye, nanga Ogasiti munadya chiyani? Seputembala? Lero pamene Enifa akuwerenga kalatayi, pamoto pali chiyani? Ine kuno ndakhala ndikudya katatu pa tsiku, kuwadyetsa okalamba a eni ake phala ndi supuni, kuwanyengerera kuti amalize, amayi anga akugona ndi madzi. Ndikakumbukira mkute ndinataya uja, chakudya chimandikanika pakhosi.

Iwenso Enifa, ndiwe unkalemba makalata aja ndi dzanja lako. Ndikudziwa kuti Amayi akalamula palibe amatsutsa, ndinakulira pomwepo inenso. Koma ukanangowonjezera kamzere kamodzi pansi, Amayi akanadziwa bwanji? Ana ako anakhala pansi pa mtengo kuonerera mlendo akudya nkhuku yotsiriza, iwe n'kundilembera kuti onse ali bwino akupereka moni. Sindikukutukwana, mng'ono wanga, koma zandipweteka.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani tsopano pamene mukumva izi. Simukuganiza za njala, mukuganiza zoti nkhokwe yanu yaonedwa ndi anthu a dziko lonse. Mtima ukhale pansi. Palibe anazindikira kanthu kupatula ine ndi akamwini anu. A Albert anachitsitsa chithunzicho tsiku lomwelo ndi manja awo, anachikulunga n'kutipatsa. Chili kuno kuchipinda kwathu, palibe mlendo adzachione. Anapepesa mpaka ine ndinachita kuwatonthoza, poti iwo sanalakwe kanthu. Pakhoma paja pangotsala malo oyera pakati pa nkhokwe za eni ake.

Lolemba a Patson anaimba telefoni kuntchito kwa achimwene awo, a Augustine, ku Dedza. Kumapiri kwawoko mvula inagwako pang'ono, ndipo iwo anakolola. Sanachedwe n'kuyankha komwe, anangodandaula kuti bwanji sitinanene kale. Agwirizana kuti a Augustine apeze galimoto abwere ndi matumba a chimanga kwanuko, pamodzi ndi mbewu yoti mudzale mvula ikagwa. Mwina afika kalatayi isanafike, mwina pambuyo pake. Zonse takonza kale, inu musafunse kuti zatheka bwanji.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi, ndipo ndagwada pansi. A Augustine akafika, alandireni monga mmene mulili. Musawauze kuti muli nacho chokwanira, akapatse ena. Musamutume Enifa kunyumba zakumunsi ndi kadengu kovindikira. Musawaphere nkhuku, kaya yanu kaya yobwereka. Madzi akumwa akwana, ndipo tawauza kale kuti akaona utsi kukhitchini adzuke azipita. Pobwerera musawapatsire kanthu kalikonse, olo mango awiri, olo tsache. Abwerere chimanjamanja, kamodzi kokha m'moyo wanu.

Ndikudziwa kuti mukuti kudyetsedwa ndi akuchimuna n'zochititsa manyazi, anthu adzanena. A Patson akuti ndikuuzeni kuti uku sikupempha ayi. Akuti nkhokwe ija analuka ndi iwo, molakwika momwemo, ndipo mkamwini amene waluka nkhokwe n'kuisiya ikuonekera dzuwa ndiye woyenera kuchita manyazi, osati apongozi ake. Akuti muwalole amalize ntchito yawo. Ananena akuseka kuti nditonthole, koma maso awo anali ofiira.

Ufa uja sunathe wonse. Ndinasungako pang'ono m'chitini, wokwana nsima ya munthu mmodzi, ndinkati tidzaphike pa Khirisimasi. Dzulo Zoe anachiona chitinicho n'kufunsa kuti nsima ya agogo tidya liti. Ndinamuuza kuti tidikire kaye agogo adye. Sanamvetse, koma sanafunsenso. Chitinicho ndachikweza pamwamba pa kabati, ndipo sindichitsitsa mpaka Enifa atandilembera kuti waima kutsogolo kwa nkhokwe ija, wayang'ana m'mipata, ndipo mtengo wa mango sukuonekanso. Enifa, usuzumire ndithu, ndakuloleza ine. Akakukwapula udzandiuze.

Mundiperekere moni kwa azakhali, ndipo muwagawireko, poti ndikukayika ngati kwawoko kuli kosiyana. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa alamu anga bambo a ana a Enifa, ndi kwa ana onse, muwauze kuti amayi awo aakulu sanawaiwale. Moni kwa amayi a kunyumba zakumunsi amene anadzaza kadengu kaja, kaya ndi ndani, muwauze kuti ndikuthokoza ndipo thumba limodzi ndi lawo. A Patson akupereka moni mwaulemu. Zoe wajambula nkhuku kuseri kwa pepalali, akuti ndi yanu.

Mulungu akusungeni mpaka ndidzakuoneni ndi maso, juzi ija itayambanso kukuthinani.

Ndine mwana wanu amene anadya osafunsa,

Rabecca